Wotchi ya m'mimba mwa Arduino

Aliyense amene anagwirapo Arduino Uno amaidziwa millis. Ukaiitana imakuuza kuti papita ma millisecond angati chiyatsire bolodi, ndipo anthu amaidalira pa chilichonse: kuthwanimitsa nyali, kuzimitsa pampu ya madzi ikakwanitsa mphindi zake, kuwerenga sensa pakatha masekondi 10 alionse. Ndi ochepa amene amafunsa kuti amene akuwerenga nthawiyo ndani, poti pulogalamu yawo ili kalikiliki ndi zina. Mu ATmega328P, chip imene ili pakati pa Uno, mulibe wachiwiri womuthandiza. Purosesa ndi imodzi, imagwira chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo palibe operating system yoigawira ntchito. Komabe nthawi imawerengedwa ndithu.

Amene amawerenga ali mu fayilo yotchedwa wiring.c. Pamwamba pake pali dzina la David A. Mellis, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Arduino ku Ivrea, kumpoto kwa Italy, ndi zaka 2005-2006, ngakhale kuti manja ambiri adutsamo kuchokera nthawi imeneyo. Gawo lowerenga nthawi ndi lalifupi, munthu amalimaliza tiyi asanazizire. Koma ine ndimaliona ngati malo abwino kwambiri ophunzirirapo ma interrupt, kuposa maphunziro aatali amene amangokuuza kuti dina batani nyali iyake. M'mizere yochepayi muli pafupifupi msampha uliwonse wa ntchitoyi, ndipo uliwonse anauzinga mosapanga phokoso.

Mayi amene akuvundula nsima sasiya mthiko mphindi iliyonse kukasuzumira pakhomo ngati kwabwera munthu. Amangovundula mpaka amve odi. Akamva amayankha, n'kulandira chimene mlendo wabwera nacho, n'kubwerera pamphika nsima isanapserere. Interrupt ndi odi ameneyo. Njira yosuzumirasuzumira ija amisiri amaitcha polling, ndipo ili ndi malo ake, koma pa zinthu zimene zimabwera mwadzidzidzi n'kupita msanga imakuphonyetsa.

Mkati mwa chip zimayenda chonchi. Chinthu chikachitika, kaya pini 2 yatsika kuchoka pa 5V kufika pa 0, kaya byte yafika pa serial, kaya timer yadzaza, chip imakweza flag ya chinthucho. Purosesa imamaliza lamulo limene ili nalo m'manja, n'kusunga pa stack adiresi ya pomwe yafika, n'kutseka ma interrupt ena onse, n'kulumphira pamalo amene anaikiratu oitanayo. Malo otere alipo 26, kuphatikizapo a reset, ndipo awiri akaitana pamodzi amene ali pamwamba pa mndandanda ndiye amayamba. Zonsezi zimatenga ma cycle 4 zikachepa, ndiye kuti kota ya microsecond imodzi. Kachidutswa ka pulogalamu koyankha, kamene amakatcha ISR, kakamaliza, lamulo la RETI limabweza purosesa pomwe inasiyira n'kutsegulanso ma interrupt. Pulogalamu yaikulu siidziwa n'komwe kuti inaimitsidwa. Ma chip a AVR, amene anayambitsidwa ndi Alf-Egil Bogen ndi Vegard Wollan ku Trondheim, m'dziko la Norway, ali ndi kalamulo kena kamene ndimakakonda: purosesa ikabwerera kuchokera ku ISR iyenera kugwira kaye lamulo limodzi la pulogalamu yaikulu isanayankhe wina, ngakhale oitana atandandalika mzere. Choncho ngakhale zitavuta bwanji, ntchito yaikulu imakwawabe.

Tsono tibwere pa wotchiyo. Koloko ya Uno imagunda ka 16,000,000 pa sekondi. Timer0 ndi kauntala ya ma bit 8, imawerenga kuchoka pa 0 kufika pa 255 kenako n'kubwerera pa 0. Arduino ikamayaka imaiuza kuti izisuntha kamodzi pa ma cycle 64 alionse, ndiye kuti pa ma microsecond 4. Masitepe 256 a ma microsecond 4 akukwana 1,024. Kauntala ikasefukira imaitana interrupt, ndipo izi zimachitika kopitirira pang'ono 976 pa sekondi.

Pagona nkhani ndi apa. Millisecond ndi ma microsecond 1,000, osati 1,024. Waulesi akanati n'zofanana basi, n'kumawonjezera 1 pa kusefukira kulikonse. Wotchi yake ikanamatsalira ndi 24 ulendo uliwonse, ndipo pofika mawa nthawi ngati yomweyo ikanakhala itataya mphindi pafupifupi 34. Wakhama koma wosaona patali akanati tiuze timer izithera pa 249, masitepe 250 apereke 1,000 ndendende. Chip imalola zimenezo. Koma nambala yotherapoyo imayenera kukhala mu register ya OCR0A, ndipo register yomweyo ndi imene analogWrite imagwiritsa ntchito pa pini 6 pochepetsa kuwala kwa nyali kapena liwiro la mota. Ma timer ena awiriwo nawo ali ndi eni ake: Timer1 imasamala mapini 9 ndi 10 komanso ndi imene library ya Servo imabwereka, Timer2 imasamala mapini 3 ndi 11 komanso kulira kwa tone. Pa chip ya ma timer atatu okha, kupatula imodzi kuti izingowerenga nthawi n'kulanda wogwiritsa ntchito chinthu chimene akanachifuna. Olemba wiring.c anasankha kusiya timer izizungulira mpaka 255, mapini onse asanu ndi limodzi a analogWrite akhalebe amoyo, ndipo vuto la 24 lija analipititsa ku masamu.

Pa kusefukira kulikonse ISR imawonjezera 1 pa timer0_millis, ndipo zotsala zija imaziunjika pambali mu timer0_fract. Zikakwana millisecond yathunthu imazichotsa pamuluwo n'kuwonjezera 1 ina. Lingaliro limeneli wina aliyense akanalipeza atakhala pansi. Chimene chimandisangalatsa ndi momwe analichepetsera. Nambala 1,000 sikwana mu byte imodzi, imene imathera pa 255, ndipo pa chip ya ma bit 8 nambala ya ma byte awiri imadya malamulo ambiri ndi ma register owonjezera, amene ISR iyenera kuwasunga pa stack polowa n'kuwabweza potuluka. Wina anayang'ana n'kuona kuti 24 ndi 1,000 onse amagawika ndi 8 popanda chotsala, kupereka 3 ndi 125. Basi, muluwo unasanduka byte imodzi: wonjezera 3, ukafika kapena kupitirira 125 chotsa 125. Supitirira 127. Palibe kuchulukitsa, palibe kugawa, ndipo n'zofunika chifukwa AVR ilibe lamulo logawira. Kugawa nambala ya ma bit 32 kumatenga ma cycle mazanamazana. Ngakhale 3 ndi 125 amawerengedwa ndi compiler pa kompyuta, pulogalamu isanalowe mu chip.

Tiitsatire pafupi. Bolodi yayaka, zonse zili pa 0. Pa kusefukira kwa nambala 41 millis ili pa 41, muluwo uli pa 123. Pa kwa 42 mulu ukufika 126, ndiye ISR ikuchotsa 125, kutsala 1, ndipo millis ikulumpha kuchoka pa 41 kufika pa 43. Nthawi yeniyeni pamenepo ndi ma millisecond 43.008. Pofika kusefukira kwa 125 yalumpha katatu, ili pa 128, nthawi yeniyeni ndi 128 ndendende, mulu wabwerera pa 0. Palibe microsecond ndi imodzi yomwe yotayika. Mtengo wake ndi wakuti nambala zina, monga 42, sizioneka konse. N'chifukwa chake amene amalemba kuti chakuti chichitike millis ikafanana ndi nambala inayake tsiku lina adzadikira chinthu chosabwera. Funso loyenera ndi lakuti yafika kapena yapitirira.

Sizinayambe chonchi. Arduino yoyambirira inkangowerenga kusefukira, kenako millis ikaitanidwa inkachulukitsa ndi 128 n'kugawa ndi 125. Masamu ake anali olondola, koma kuchulukitsako kunkadzaza ma bit 32 msanga, ndipo wotchi inkabwerera pa 0 pakatha maola 9 ndi mphindi 32. Kwa wongoyesera patebulo sizinali kanthu. Kwa amene wasiya bolodi usiku wonse ikuyang'anira kutentha kwa chofungatira mazira, zinali nkhani ina.

Pali kachinthu kena mu ISR kamene wowerenga mothamanga angakaone ngati kuchulutsa mizere. Polowa imakopera timer0_millis ndi timer0_fract mu tinambala tiwiri ta pompo, m ndi f, n'kuchita masamu onse pa timeneti, n'kutibweza kamodzi pomaliza. Chifukwa chake ndi mawu oti volatile. Nambala imene ISR imasintha pulogalamu yaikulu ikuiwerenga iyenera kulembedwa kuti ndi volatile, apo ayi compiler imaganiza kuti palibe amene akuikhudza, n'kuiwerenga kamodzi, n'kumangobwereza yakaleyo mpaka kalekale. Koma volatile ili ndi msonkho wake: compiler imakakamizika kupita ku memory nthawi iliyonse dzinalo likatchulidwa. Pokopera kamodzi, msonkhowo umaperekedwa kamodzi. Ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti timer0_fract sanailembe volatile ayi, chifukwa palibe wina amaiona kupatula ISR yomweyo. Anthu ambiri akangophunzira mawuwa amawamwaza paliponse mwamantha. Apa anawaika pomwe akufunika pokha. Zotsatira zake n'zakuti ISR yonse imatha m'ma microsecond ochepa, osafika gawo limodzi pa 100 la nthawi ya purosesa.

Kulemba nthawi ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kuiwerenga, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa osadziwa. timer0_millis ndi ya ma byte anayi, pomwe purosesa imanyamula byte imodzi pa lamulo lililonse. Tiyerekeze kuti nambala ili pa 255. Purosesa yanyamula byte yotsikitsitsa, imene ili 255, ndipo isananyamule yachiwiri timer yasefukira. ISR yalowa, nambala yakhala 256, ndiye kuti byte yotsika ndi 0, yachiwiri ndi 1. Pobwerera purosesa ikunyamula 1 ameneyo n'kumuphatikiza ndi 255 wakale uja. Yankho ndi 511, nambala imene sinakhalepo. Zikachitikira pa 65,535 wotchi imadumpha ndi nthawi yoposa mphindi yathunthu. Vuto lotere limabwera kamodzi patalipatali, moti ukhoza kuyesa sabata yonse osaliona, n'kudzatulukira chipangizo chili kale kwa mwini wake.

Millis imadziteteza ndi masitepe anayi: imasunga register ya SREG momwe ilili, imatseka ma interrupt ndi cli, imakopera ma byte anayiwo, imabweza SREG. Onani kuti pomaliza siitana sei, lamulo lotsegula ma interrupt, ngakhale kuti ndilo limabwera msanga m'maganizo. Bit imene imanena ngati ma interrupt ali otsegula imakhala mu SREG momwemo, ndiye kubweza SREG ndi kusiya zinthu monga unazipezera. Ngati woitana millis anali atatseka kale pa zifukwa zake, kapena akuitana ali mkati mwa ISR ina, sei ikanamutsegulira chitseko iye asanakonzeke. Wolemba mzere umenewu sankadziwa kuti adzamuitana ndani, ndipo analemba ngati munthu wodziwa kuti sakudziwa.

Koma mzere umene ndimaugwadira uli mu micros. Iyi imafuna nthawi mpaka pa ma microsecond 4, ndiye imatenga zinthu ziwiri: chiwerengero cha kusefukira konse, ndi pomwe kauntala yafika pakali pano, mu register ya TCNT0. Imatseka ma interrupt, n'kuwerenga ziwirizo. Vuto n'lakuti cli imaimitsa kuyankha kokha, siimitsa timer. Timer ndi waya ndi ma transistor, imayendabe. Tiyerekeze kuti yasefukira cli itangodutsa. ISR siingalowe, ndiye chiwerengero chikadali chakale, koma TCNT0 yabwerera kale pa 0. Kuphatikiza ziwirizi kupereka nthawi yobwerera m'mbuyo ndi ma microsecond 1,024. Mankhwala ake ndi kuyang'ana flag ya TOV0, imene chip imakweza timer ikasefukira ndipo imakhala chikwezere mpaka ISR italowa. Ikapezeka yokwera, micros imadziwonjezerera 1 yokha.

Ambiri tikanalekera pomwepo, tili okhutira. Koma pali kampata kena. Bwanji ngati timer yasefukira titawerenga kale TCNT0 koma tisanayang'ane flag? Pamenepo nambala imene tili nayo ndi ya kusefukira kusanachitike, flag ndi yokwera, ndipo tikawonjezera 1 tilumphira kutsogolo ndi 1,024. Zochitika ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi ukayang'ana flag yokha. Chozisiyanitsa ndi nambala yowerengedwayo. Pakati pa kuwerenga TCNT0 ndi kuyang'ana flag pamadutsa ma cycle ochepa chabe, pomwe sitepe imodzi ya timer ndi ma cycle 64. Ndiye ngati kusefukira kwagwera m'kampata kameneka, nambala imene tinawerenga singakhale ina koma 255. Mzerewo umangoti: wonjezera 1 ngati flag ili yokwera ndiponso nambala ili pansi pa 255. Kufanizira kumodzi kokha, kutseka mpata wosakwana microsecond. Amene analemba izi anakhala pansi n'kudzifunsa, pakati pa malamulo awiri alionse, kuti timer itasefukira pano chingachitike n'chiyani. Luso la ma interrupt ndi funso limeneli, ndipo silifuna nzeru zapadera koma kuleza mtima kolifunsa pa mzere uliwonse osatopa.

Mtima womwewo umaoneka pa serial, ngakhale ili mu fayilo ina. Byte ikafika, ISR siyesa kuimvetsa. Imangoiika mu nkhokwe yozungulira ya ma byte 64 n'kusuntha cholozera cha kumutu. Pulogalamu yaikulu imatenga kumchira pa nthawi yake. Cholozera cha kumutu amalemba ndi ISR yokha, cha kumchira amalemba ndi pulogalamu yaikulu yokha, ndipo chilichonse ndi byte imodzi, ndiye powerenga sipafunika kutseka kanthu. Malo amodzi amasiyidwa opanda kanthu kuti kudzaza kusafanane ndi kupanda kanthu, motero zimene zimakwanamo ndi 63. Pa liwiro la 9600 byte imafika pafupifupi pa millisecond iliyonse. Pa 115200 imafika pa ma microsecond 87, nkhokwe n'kudzaza ma millisecond 6 asanathe, ndipo ikadzaza zobwera kumene zimatayidwa mwakachetechete. Ena amadandaula nazo, koma pa chip ya memory ya ma byte 2,048 sindikuona chimene akanachita china.

Sikuti wotchiyi ilibe pofooka. Kugawa ndi 8 kuja kumatuluka bwino pa 16 MHz ndi pa 8 MHz, koma pa 20 MHz kusefukira kumatenga ma microsecond 819.2, zotsala zimadulidwa, wotchi n'kumachedwa pang'onopang'ono. Masamu ngakhale akhale olondola bwanji sangakonze koloko yokha, ndipo ATmega328P ya pa Uno imayendera ceramic resonator, imene siikhazikika ngati crystal ya mu wotchi ya pamkono. Wofuna kudziwa ola la tsiku agule kachipangizo ka RTC. Flag nayo imakumbukira kusefukira kumodzi kokha. Ukatseka ma interrupt nthawi yoti timer n'kusefukira kawiri, kumodziko kwapita. Nyali za WS2812 ndizo zimaonetsa izi bwino: iliyonse imafuna ma microsecond 30 a uthenga wosadukiza, ma interrupt ali otseka, ndiye chingwe cha nyali 100 chimatenga ma millisecond 3 ndipo millis imatsalira ulendo uliwonse. Pa chifukwa chomwecho millis imaima njii mkati mwa ISR iliyonse, ndipo kuitana delay m'menemo n'kudzitchera wekha. Izi si zolakwa za wiring.c. Ndi pangano: iyo imalonjeza kulowa ndi kutuluka msanga, nawe usatseke chitseko nthawi yaitali.

Ma bit 32 nawo amadzaza pa ma millisecond 4,294,967,296, masiku 49.7, nambala n'kubwerera pa 0. Malire omwewa ndi amene ankaumitsa makompyuta a Windows 95 akakhala oyaka masiku ochuluka chomwecho. Pa Arduino sizoopsa kwa amene amachotsera: nthawi ya tsopano kuchotsapo nthawi yoyambira imapereka yankho lolondola ngakhale nambala itazungulira pakati, bola zonse zikhale unsigned long. Amene amavulala ndi wowonjezera, amene amawerengeratu nthawi yothera n'kumadikira kuti millis iipitirire.

Ngati muli ndi Arduino IDE pa kompyuta yanu, fayiloyi muli nayo kale, mu foda ya cores/arduino ya mabolodi a AVR. Onetsetsani kuti ndi ya AVR, chifukwa Uno R4 imene inatuluka mu 2023 ili ndi chip ya Renesas ndipo imawerenga nthawi mwa njira ina. Itseguleni pambali pa datasheet ya ATmega328P, pa mutu wa Timer0 ndi wa ma interrupt. Kenako, musanalembe ISR yanu yoyamba ya sensa ya madzi kapena ya gudumu la mota, tengani pepala, lembani malamulo a pulogalamu yanu yaikulu amene amakhudza nambala yogawana ndi ISR, ndipo pakati pa awiri alionse dzifunseni chimene chichitike interrupt ikalowa pamenepo.